Mkaka wa Amake Mapasa

Senderani kuno, adzukulu anga, mphasayi ndi yayikulu. Iwe wamng'onowe khala pafupi ndi ine, koma usandiponde chala chodwalachi. Nyembazi tizisankha tikucheza, manja akamagwira ntchito makutu satsekeka. Lero ndikuuzani za chisanu china ku Wusakile, komboni ya anthu a mumgodi ku Kitwe, ndiponso za kamwana kena kamene kanabadwa nthawi yake isanakwane.

Ndikatseka maso, choyamba kubwera si nkhope ya munthu. Ndi waya. Waya wamkuwa, wonenepa ngati chala changachi, amene amalume anamutola kotayira zakutha za kumgodi n'kumumanga kuchokera padenga la nyumba yathu kukafika padenga la nyumba yakuseri. Poyamba anali wofiira, wonyezimira, koma mvula ndi utsi zinamusandutsa wobiriwira, moti malaya oyera akauma ankatsala ndi kamzere paphewa. Pa wayayo pankalendewera zovala za mabanja anayi mosasankha. Maovolosi a abambo ankatambasula manja ngati anthu opanda mitu, pambali pake matewera, madiresi athu, mipango ya amayi. Mphepo ikawomba kuchokera kumgodi zonse zinkavina gule mmodzi. Kabudula ankakhala wa mwana amene wamukwana tsikulo.

Nyumba za kampani zinamangidwa m'mizere, zofanana ngati mano, iliyonse ndi mpanda wake wa nkhadze. Zathu zinayi zinafulatirana, ziwiri uku ziwiri uko. Tonse tinali ochokera kum'mawa, anthu a chilankhulo chimodzi pakati pa nyanja ya Chibemba. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anafika oyamba m'dzikolo, ndipo ndiwo anatenga chikwanje tsiku lina n'kugwetsa nkhadze zonse zapakati. Ankati, "Mpanda ndi wa mbuzi." Pamene panali timabwalo tinayi topanikizana panakhala bwalo limodzi, chisakasa chimodzi chophikiramo, dimba limodzi la chibwabwa ndi repu. Kutsogolo, kumene ankadutsa apolisi a kampani, mipanda inali chiimire, nambala iliyonse pachitseko chake. Kuseri kunali mudzi.

Nyumba iliyonse inali ndi zipinda ziwiri. Chamkati chinali cha bambo ndi mayi a m'nyumbamo. Zakutsogolo anazigawa mwa nzeru zawo. Kwathu kunkagona atsikana a bwalo lonse. Kwa amalume kunkagona anyamata. Kwa Amakina, mayi wosoka amene analibe mwana, kunali matumba a ufa ndi makina awo osokera. Kwa Amake Mapasa anatseka zenera ndi bulangete lakuda n'kukutcha nyumba ya tulo, chifukwa abambo ankalowa pansi nthawi zosiyana, ndipo amene wachezera kumgodi ankafunika mdima masana. Ukadutsa pakhomo limenelo unkayenda ndi zala, ngakhale nkhuku zinkaoneka ngati zikudziwa.

Ine ndinakula osadziwa bwino kuti njala ya nyumba imodzi imakhala yotani. Lipenga la kumgodi likalira, bambo aliyense wotuluka pansi ankabwera ndi kampompo m'thumba, buledi wozungulira uja amene kampani inkawapatsa, wofunda ndi thukuta la munthu, wonunkhira mwala ndi mafuta. Ankamupereka kwa mwana amene wamuona poyamba, ndipo mwanayo ankadziwa kuti agawe. Ukalakwa, mbama inkachokera kwa mayi amene ali pafupi. Ukagwa, chitenje chokupukuta misozi chinalinso cha amene ali pafupi. Masiku ano mukumanga makoma mpaka kubzala mabotolo osweka pamwamba pake, ndiye mumadabwa kuti mwana akudwala chiyani. Koma nanga ndinene chiyani, nanenso langa lilipo kuseri uku.

Ntchito yanga pabwalopo inali ya mchere. Ndinali ndi mano ogweruka akutsogolo, msinkhu wosadziwa kanthu. Ndiwo zikatsala pang'ono kupsa unkamva mayi wina akuitana, "Wamchere ali kuti?" Ine n'kuthamanga, kutapa m'chitini, kuwaza mumphika, iwo atayang'ana kumbali. Lero uyu, mawa uyo. Ndinkayenda modzikweza poganiza kuti dzanja langa ndi lokoma kuposa la akulu. Atsikana akuluakulu inu mukudziwa chifukwa chake mayi masiku ena sathira mchere. Anyamata mudzafunse akazi anu.

Amayi ndi Amake Mapasa anali ngati chala ndi chikhadabo. Amayi anali wochepa thupi, wamanyazi, wolankhula ngati akupepesa. Amake Mapasa anali chimayi chachitali, cha mawu omveka mpaka kumsika, kolona ili m'khosi. Ife tinkapemphera kwina, iwo kwina, ndipo Lamulungu ankanyozana akumanga mipango. "Kagwadeni, mnzanga, maondo ake ndi anu," amayi ankatero. Iwo n'kuyankha, "Inu kaimbeni nyimbo zanu zazitalizo, Mulungu akakagona mudzandiuze." Pobwera ankakhala pamphasa imodzi kupesana tsitsi.

Ufulu unali utabwera dzinja lisanayambe. Ndikukumbuka timbendera tamapepala tikunyowa pamipanda, ndi abambo akuvina atavala nsapato zawo zolemera za kumgodi. Mkuwa unkagulidwa ngati mankhwala, ankatero akulu. Mawailesi anachuluka, njinga zatsopano zinkalira mabelu popanda chifukwa. Mvula itatha, udzu utayamba kufiira, amayi anachira mwana wamwamuna mwezi wake usanafike.

Pambuyo panga amayi anali ataika kale ana aamuna awiri, onse osafika pokhala pansi. Choncho uyu atabwera naye kuchokera kuchipatala, palibe analulutira. Kanali kanthu kokwana m'chipewa cha atate, khungu lopyapyala looneka mitsempha, kulira kwake ngati kwa mwana wa mphaka. Amayi anagwidwa ndi malungo, mawere awo anauma. Anayesa mkaka wa m'chitini, iye ankaubweza wonse. Tsiku lililonse ankapepuka. Ndinkamva akulu akunong'onezana kuchisakasa, ndikafika n'kusintha nkhani.

M'mawa wina wozizira, utsi wa mbaula utagona pansi ngati nkhungu, Amake Mapasa analowa m'chipinda cha amayi osaodira. Mapasa awo anali akuyenda kale koma ankayamwabe. Anakhala pansi, anamasula bulauzi, anatambasula manja. Amayi anawayang'ana nthawi yayitali. "Bweretsani kuno, mnzanga," anatero Amake Mapasa. "Awa anazolowera kudyetsa awiri, wachitatu sangawadabwitse." Kamwanako kanafunafuna, kanalephera, kanafunanso, kenaka kanagwira. M'chipindamo munangomveka kakumeza kakang'ono, ngati dontho likugwera m'ndowa.

Madzulo a tsikulo amalume anaitana akulu onse pansi pa mtengo wa mapapaya. Ife ana anatithamangitsa. Mawa lake tinaona zodabwitsa. Abambo onse anayi, aliyense bulangete paphewa, akusamukira ku nyumba ya tulo. Ine ndinayesa masewera, kuti nawonso akhumbira kugona mwa chinyamata. Mwamuna wa Amakina, munthu wanthabwala, ankati akakumana ndi atate pampopi, "Alamu, kamuuzeni mwana wanuyo afulumire kunenepa, nthiti zanga zatha ndi simenti." Onse n'kuseka. Ndinadzamva nditakula kuti khanda lotere limakhala lozizira, ndipo anthu odyera mphika umodzi akapanda kudzisunga angalidule. Anali anthu a tchalitchi onsewo, ena madikoni. Koma pa mwana ameneyu sanafune kuyesa Mulungu kapena makolo. Mabanja anayi anaimitsa ukwati wawo chifukwa cha kamunthu kamene sikanali n'dzina lomwe.

Masiku amenewo ndimawakumbuka ngati maloto a masana. Dzuwa linkatuluka lofiira kuseri kwa phiri lakuda la miyala yotayidwa. Mphepo ikatembenuka inkabweretsa senta, utsi wa kung'anjo uja wonunkha ngati machesi, wokanda pakhosi, ndipo amayi onse ankathamanga kutseka mazenera a chipinda cha mwana ndi zitenje zonyowa. Mwanayo sankagona pamphasa. Ankayenda m'zifuwa. Akachoka pabere la Amake Mapasa ankalowa m'bulauzi ya Amakina, iwo n'kumapalasa makina pang'onopang'ono kuti agone ndi kugwedezeka kwake. Akachoka apo ankapita kwa akazi a amalume, kenaka kwa amayi, amene ankamununkhiza pamutu. Amake Mapasa anawaletsa kuyamwa ana awo omwe kuti mkaka ukwane. Anapaka tsabola, mapasa analira masiku angapo, Amakina n'kuwatenga kukawanyengerera ndi tizidutswa ta nsalu.

Zala zake zinayamba kudzaza. Tsiku lina anatsegula maso onse awiri n'kuyang'ana denga ngati munthu amene waganiza zokhala.

Ndiye pamene atate anabwera ndi chipewa choyera.

Atate ankadziwa kuwerenga, analinso ndi chiphaso chophulitsira miyala. Azungu ambiri ankanyamuka, ndipo ntchito zawo zinkapatsidwa kwa anthu athu. Atate anawakweza kukhala oyang'anira gulu lonse la pansi. Pamodzi ndi chipewacho anawapatsa makiyi a nyumba kumayadi, kumene kale munthu wakuda ankalowa ndi pasi yokha, kukatchetcha kapinga kapena kuchapa. Anawauza kuti alowe msanga, akazengereza nyumbayo ipita kwa wina.

Musawaone ngati munthu woipa atate anga. Bambo awo ananyamulapo mzungu pamachila. Iwo eni anakhala zaka zambiri akuphunzitsa ntchito tianyamata ta azungu timene mawa lake tinkawalamula. Makiyi aja anawaika pachikhatho ngati dzira. Koma amayi anangofunsa mawu amodzi, motsitsa monga mwa masiku onse, "Nanga mwanayu akayamwa makiyiwo?"

Nkhaniyo inazungulira pabwalo masiku angapo. Kusiya nyumba sikukanatheka. Kusiya mwana kwa eni bere, amayi anakana, anati anaika kale awiri, uyu sachoka pamaso pawo. Mapeto ake atate anabwera akumwetulira, atapeza nzeru. Kuseri kwa nyumba yayikuluyo kunali kanyumba kena, ka chipinda chimodzi, ka magetsi, ka mpopi wakewake, kabwino kuposa nyumba iliyonse ya mu Wusakile. Amake Mapasa akakhale mmenemo mpaka mwana atalimba. "Mukakhala ngati mfumukazi, mlamu," anatero, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima. Amake Mapasa anaseka n'kuvomera. Mapasa akatsala ndi Amakina, si pabwalo pomwepa? Onse anaona kuti zakhala bwino. Amalume okha, akusema mpini, anati, "Nyumba zimenezo anazimanga zikudziwa kale wokhala kutsogolo ndi wokhala kumbuyo."

Tinapita pa lole ya kampani, katundu wathu yense atangodzaza ngodya imodzi. Kumayadi kunali zii. Misewu yotakata, mitengo italiitali, agalu ouwa osaoneka. Ndinalowa m'nyumbamo n'kuitana amayi, mawu anga anabwerera okha kuchokera kuzipinda. Pansi panali pofiira, poterera, pooneka nkhope. Chitofu chinkapsereza popanda moto. Panja panali udzu waukulu wothiriridwa bwino umene panalibe mbuzi kapena munthu woudya. Ndinayenda kuzungulira mpanda wonse kufunafuna pobowoka popita kwa anzathu oyandikana nawo. Panalibe.

Masabata oyamba tinaigonjetsa nyumbayo. Kanyumba kakuseri Amake Mapasa anangoikamo mtolo wawo. Tsiku lonse ankakhala ndi amayi m'chipinda chochezera, atayala mphasa pakati pa mipando yofewa imene mzungu anaisiya. Mawu awo ankadzaza zipinda zonse zopanda anthu zija. Mpando waukuluwo anauyesa tsiku lina, unawameza, n'kuseka mpaka misozi. "Mnzanga, uku ndiye kukhala pamimba pa ng'ombe." Kuyambira pamenepo ankayamwitsira pomwepo, ati msana umapuma. Amayi anayamba kuchira, ankaimba potsuka mbale. Ine ndinkathirabe mchere, tsopano m'mapoto onyezimira.

Kenaka kunabwera aphunzitsi. Anali mayi wa ku welofeya, kumene akazi a anthu a mumgodi ankaphunzira kuluka ndi kuphika makeke. Ntchito yawo ina inali kuyendera mabanja amene akwezedwa, kuwaonetsa kakhalidwe ka kumayadi, kuti azungu otsala asatiseke. Munthu wakuda ngati ife, koma wa nsapato zazitali, kachikwama pamkono, wonunkhira sopo wodula. Amayi ankawaopa ndi kuwakonda pamodzi, poti ndiwo anawaphunzitsa kuluka tisokosi timene mwana anavala. Anayendera zipinda, anaonetsa amayi poika mafoloko, anayamikira ukhondo. Amayi anawaphikira tiyi.

Polowa m'chipinda chochezera anapeza Amake Mapasa ali pampando paja, mapazi osavala ali pansi pofiirapo, mwana ali pabere. Amake Mapasa anawapatsa moni mwaulemu. Aphunzitsi sanayankhe moniwo. Anatembenukira kwa amayi n'kulankhula m'Chibemba chosakaniza ndi Chizungu, mokoma, ngati mayi wolangiza mwana wake.

"Mwachita bwino kupeza wantchito msanga. Koma mukamuzoloweza pampando lero, mawa mudzamupeza pabedi panu. Malo ake ndi kuseri kuja, n'chifukwa chake anamangako."

Chibemba tonse tinkachimva. Amayi anali ataimirira, tipoti ali m'manja. Ndinawayang'ana pakamwa. Ndikudziwa mawu amene ankafuna kutuluka, chifukwa anandiuza okha atakalamba, kangapo konse. Koma amayi analeredwa kuti munthu wa nsapato akalankhula umavomera kaye, zoganiza pambuyo. Chimene chinatuluka n'chimene chinkatuluka nthawi zonse pamaso pa anesi, abusa ndi apolisi.

"Eya, mukwai." Ndiko kuti, inde, akuluakulu.

Amake Mapasa sanamuchotse mwana pabere. Anadikira mpaka atakhuta, anamuika paphewa, anamusisita mpaka atabyukula, anamupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anamugoneka pamphasa bwinobwino, anadzuka, n'kutulukira khomo la kukhitchini.

Aphunzitsi anamwa tiyi wawo n'kupita. Amayi anakhala pansi m'khitchini, manja ali pamutu. Dzuwa litapendeka mwana anadzuka ndi njala. Amayi anamupatsa bere lawo louma, analikana. Anasungunula mkaka wa m'chitini, anaubweza. Kulira kwake kunayamba kung'ambika, kubwerera ku kaliridwe ka mphaka kaja. Amayi anafika pakhomo la kukhitchini katatu kapena kanayi, n'kumabwerera. Pomaliza anandituma ine kwa Amake Mapasa ndi mbale ya chakudya.

Ndinawapeza atakhala pasitepe ya kanyumbako, mpango uli kumutu, mtolo womangamanga uli pamaondo. Maso awo anali kugeti. Mbale sanailandire. Ndinakhala pambali pawo, poti sindinadziwe chochita, n'kumayang'ana nyerere zikukoka phiko la chiwala. Kulira kwa mwana kunkadutsa pa udzu uja n'kutipeza, kuleka, kuyambanso mofooka. Ndinkamva mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka. Mithunzi ya mitengo inatalika mpaka inatikwirira. Sindidziwa kumene mtima wawo unapita nthawi imeneyo, kaya ku Wusakile kwa ana awo, kaya kumudzi kwawo kumene anali mwana wa munthu wodziwika. Kenaka anatsitsa mtolo uja, anauika kumbuyo kwawo.

"Kamutenge mwanayo," anatero. "Iye sanawayankhe kanthu aphunzitsi aja."

Kuyambira tsikulo ntchito yanga inasintha. Ndinkanyamula mlongo wanga kuwoloka udzu uja, m'mawa mame akundinyowetsa mapazi, masana, madzulo, kupita naye wopepuka, kubwera naye wolemera ndi wofunda, atagona, kamkaka kali pakamwa. Amake Mapasa sanalowenso m'nyumba yayikulu. Ankasesa pakhomo pa kanyumba kawo, ankaphika pambaula yawo, ndipo mchere ankathira okha. Pa mwanayo sanasinthe ngakhale pang'ono. Ankamuimbira, ankamutcha mwamuna wanga, ankamuluma timapazi.

Amayi anayesa. Tsiku lina anatenga mbale yawo, anawoloka udzu, anakhala pansi pafumbi pafupi ndi sitepe kuti adye limodzi monga kale. Amake Mapasa anaimirira, manja kumbuyo.

"Adona, mudetsa diresi."

"Mnzanga, musatero. Pakamwa panandithawa."

"Ndamva, adona."

Anaima choncho mpaka amayi anadzuka. Atate nawo anapita atavula chipewa, analankhula nthawi yayitali. Anawayankha mwaulemu womwewo, umene unkapweteka kuposa kutukwana.

Lamulungu masana kunkabwera mwamuna wa Amake Mapasa pamodzi ndi Amakina, atanyamula mapasa. Bamboyo, amene kale ankalimbirana bulangete ndi atate m'nyumba ya tulo, tsopano anali pansi pawo kumgodi, ndipo ankaima pageti mpaka wina amuuze kuti alowe. Abambo ena aja anali atabwerera kuzipinda zawo ife titangochoka, poti mphika sunalinso umodzi. Iye yekha ankagonabe payekha, chifukwa mkazi wake anali ndi khanda la eni pabere. Mapasa ankafika atavala zofanana zosokedwa ndi Amakina. Mayi awo akatambasula manja, kamkazi kankabisala kuseri kwa siketi ya Amakina n'kumasuzumira. Amake Mapasa ankaseka, ankati, "Taonani kunyada, wakhala mwana wa telala." Alendo akapita ankalowa m'kanyumba kawo n'kutseka chitseko dzuwa likadalipo.

Chisanu chinatha. Mphepo ya fumbi inabwera n'kupita. Kunayamba kutentha, ndipo mitengo ya m'misewu ya kumayadi inachita maluwa ofiirira ngati mabulosi, ogwa okha popanda mphepo, mpaka msewu wonse unkaoneka ngati wayalidwa nsalu. Mlongo wanga anali ndi mapindi m'manja ndi m'miyendo. Anayamba kulandira phala, ndipo mkaka wa m'chitini unayamba kukhala m'mimba mwake. Ankaseka mokweza, kuseka kwa Amake Mapasa kwenikweni. Akulu anachita mwambo wake, anamupatsa dzina. Mlungu womwewo Amake Mapasa anauza amayi, ali chiimire pakhomo la kukhitchini, kuti ntchito imene anabwerera yatha.

Kamwana kokwana m'chipewa kaja mukukadziwa. Ndi agogo anu a ku Ndola, a mimba yayikulu aja, amene amakubweretserani masiwiti n'kumadandaula za shuga. Atate anavala chipewa choyera mpaka mkuwa unagwa mtengo, nyumba ija n'kubwerera kwa eni ake, iwo n'kukamwalira pa kamunda kawo kunja kwa tauni. Amalume chifuwa cha fumbi la mumgodi chinawabweza kum'mawa, ndipo amene analowa m'nyumba yawo anabzalanso nkhadze, ena aja n'kutsatira. Amakina anakalamba ndi kamapasa kakakazi kaja, sikanabwererenso kwenikweni kwa mayi ake, ndipo makina aja ndi ake mpaka lero kumsika. Aphunzitsi ndinakumana nawo pamaliro ena ali nkhalamba yokoma mtima, yogawira ana mabisiketi, ndipo za tsiku lija sankakumbuka n'komwe. Amayi ankapita ku Wusakile ndi shuga ndi sopo chaka ndi chaka. Amake Mapasa ankawalandira bwino, kuwapatsa mpando, eni ake n'kukhala pamphasa. Amayi anamwalira m'manja mwanga ku Kabushi akufunsabe ngati uthenga wafika kwa mnzawo. Amake Mapasa anatsiriza moyo wawo ku Twapia akugulitsa makala. Mlongo wanga atakula anawafunafuna, anawapempha kuti akakhale kwake. Anamugwira masaya onse awiri, bambo wa ndevu zake, n'kumuuza kuti ali ndi kwawo. Pa maliro awo iye ndi mapasa wamwamuna ananyamula kutsogolo kwa bokosi.

Koma ine za m'mawa umene Amake Mapasa anachoka kumayadi ndi zimene zimandibwerera. Atate anafuna kuwapezera galimoto, anakana, anati miyendo ilipo. Anali atasiya kumuyamwitsa mwanayo dzulo lake. Amayi anatsalira m'nyumba, sanathe kutuluka. Ine ndinawaperekeza mpaka pageti, mlongo wanga ali kumsana kwanga. Ndinali wokondwa, ndinkaganiza kuti akupita kukatikonzera malo, kuti nafenso tibwerera kwathu mawa kapena mkuja. Anaika mtolo pamutu, anawerama, anamununkhiza mwanayo pakhosi. Iye atamva fungo lawo anayamba kudzikoka m'chitenje, kukamwa kuli yasa, akulira kulira kwake kwa njala. Amake Mapasa anaweramuka msanga. Pamenepo ndinaona kuti bulauzi yawo yanyowa pachifuwa, mbali zonse ziwiri, ndipo kunyowako kunkakula ndikuyang'ana.

"Mwadzithira madzi," ndinawauza.

Anayang'ana pansi, anakoka chitenje n'kuchimanga m'khwapa.

"Eya, wamchere, ndadzithira. Lowa naye m'nyumba, kunja kuno kwatentha."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda pa maluwa aja, osacheuka, dzanja limodzi lili pamtolo, lina litagwira pachifuwa. Ine ndinabwerera ndikudumphadumpha kuti mwana atonthole, n'kumadabwa m'mutu mwanga kuti munthu wamkulu chotero angadzithire bwanji madzi popanda kapu.